Kachitini ka Zelipa kanabwerera kopanda mkaka

Zelipa mng'ono wanga, lero ku kiliniki ku Chongwe ndaona ana owonda akulandira phala la soya, ndipo mtima wanga wabwerera m'zaka za m'ma 1950 zija. Boma linatumiza mkaka waufa wa ana odwala ndi njala. Ine ndinakubereka kuchokera kwathu kufupi ndi Chalimbana, kachitini kali m'manja, iwe miyendo itatupa, tsitsi litafiira. Titafika patebulo, kapitao wogawa mkaka anaona kachithumwa kamene amayi anakumanga m'khosi. Anati, "Sinipatsa mwana wa zithumwa. Dula, olo choka." Ndikanadula bwanji, amayi atandiuza kuti kakaduka moyo wako udukanso? Ndinangopukuta ndi chala mkaka wotayikira patebulo, iwe n'kunyambita, n'kundiluma chalacho pofuna wina. Mvula ya chaka chimenecho sunaione.

Mkakawo sunali wa kapitaoyo, Zelipa. Lamulolo anapanga yekha, ndipo wotsala ankamwetsa ana a ng'ombe zake, mudzi wonse ukuona. Iye anafa atakalamba, kwaya n'kumuimbira. Ine pamaliro sindinapite, ndipo mpaka lero ndikadutsa pamanda ake ndimalavula. Adzukulu anga amati, "Ambuya, khululukani, ni zakale." Zakale kwa ndani? Bwenzi pano uli ndi imvi ngati ine. Ndikabwera uko usathamange kudzandichingamira. Ndidzayamba ndapita kwa iyeyo, nditanyamula kachitini kathu kaja, ndipo adzakadzaza atagwada, iwe ukuona, kachithumwa kako kali m'khosi.