Chepetsani kwa Dokotala wa Ng'ombe

Ndinanyamuka Lachiwiri kusanache bwino, dengu pamutu ngati mayi wopita kumsika, ine Gidiyoni Mbewe amene ndinakhalapo kapitawo pa esiteti ya fodya, anthu n'kumanjenjemera ndikatsokomola. M'dengumo munali mphaka. Sekani ndithu, anzanu anayamba kale.

Mphakayo ndi wa malemu mkazi wanga Nabanda. Anamutcha dzina loti Chepetsani, ndipo ankakonda kumuitana ine ndikangoyamba kulankhula. Anthu amati ndili ndi mawu okwera. Bodza limenelo, iwo ndiwo ali ndi makutu ofewa. Nabanda atamwalira dzinja lathali, ine ndinatsala pamudzi pa eni ake, cha kwa Kabudula, mkamwini wopanda mkazi. Mbiya ndi mphasa abale ake anagawana. Ine anandisiyira mphaka, poti palibe anamufuna.

Ndiye mphakayo anadwala. Anayamba ndi kukana chakudya. Ndikamupatsa mutu wa matemba ankautafunira mbali imodzi, n'kuulavula, n'kumadzikanda kukamwa. Tsaya lakumanzere linatupa. Patangopita tsiku zinayamba zina: dovu chuchuchu, thupi kunjenjemera, mutu utapendekera kumanzere, kuyenda modzandira ngati wochokera ku masese. Amayi pachitsime anati si matenda amenewo, mphaka wa mkamwini watopa ndi maulendo amene amatumidwa. Mlamu wanga Filimoni, mlongo wake wa Nabanda, anabwera ndi chibonga m'manja.

"Alamu, chiwewe ichi. Pano pali ana."

"Chiwewe n'cha agalu! Mwamumva akuuwa?"

"Kaya chiwewe, kaya zimene akunena amayizo, ine sindifuna kudziwa. Likafika Lamulungu akadali choncho, ndimuika m'thumba ndi mwala, kudziwe."

Ndinali nditamva kuti ku Chitedze kuli anthu ophunzira amene amayesa chilichonse. N'chifukwa chake ndinanyamuka.

Dzuwa likutuluka ndinakumana ndi ngolo ya mtedza yopita ku Nsaru. Mwini wake anafuna ndalama ya tiki, ndinamupatsa. Titayenda pang'ono anati, "Nkhuku zimenezo, madala?" Ndinati, "Kwanu nkhuku zimalira chonchi?" Anavundukula chiguduli, anasuzumira, anavundikiranso msanga. Kuchokera pamenepo anatsika n'kumayenda pansi pafupi ndi ng'ombe zake mpaka ku Nsaru, akuti miyendo inachita dzanzi. Ine ndinakhala ndekha pamwamba pa matumba ngati bwana wa msonkho.

Pa Nsaru tinafika dzuwa litakwera pang'ono. Ndinakhala pakhonde pa sitolo ya Che Amidu, Msilamu wogulitsa nsalu ndi mchere, kudikira lole. Munthu ameneyo ndiye yekha paulendo wonse amene sanathawe dengu langa. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi mkaka pa kambale. Chepetsani anamwa, pang'onopang'ono koma anamwa.

"Uyu ali ndi dzino, bambo," anatero Che Amidu. "Taonani tsayalo. Ine linandigwira chaka chatha, ndinalira ngati mwana."

"Ndikudziwa, Che Amidu! Ndipo mankhwala ndikumupatsa."

Ndinatulutsa kaliwo wanga, ndinalowetsa kaudzu m'bowo lake, ndinakoka phula lakuda lija limakhala m'katimo, n'kumupaka mphaka pankhama. Mankhwala a dzino oposa amenewa kulibe. Bambo anga ankatero, ine ndatero moyo wanga wonse, mano ndatsala nawo asanu ndi limodzi koma palibe limene linandiwawa nthawi yaitali. Ndipo fodya wake si wogula ayi, ndi wachikopa wolima ndekha, waukali woti mlendo akakoka kamodzi amafuna pokhala. Chepetsani ndinayamba kumupaka tsiku lomwe tsaya linatupa, m'mawa ndi madzulo, osaphonya. Che Amidu anayang'ana, anatsegula pakamwa, anatsekanso. Anangoti, "Mulungu akutsogoleni."

Lole inabwera yodzaza mabelo a fodya, yopita ku Lilongwe. Mpaka pa Njewa anati shereni imodzi, ndipo dalaivala anafunanso sikisi ya dengu. Ndinamufunsa ngati mayi wobereka mwana amalipirira mwanayo. Anthu anaseka, iye anasiya. Msewu umenewo, anthuni, uli ndi nthiti ngati lata. Fumbi lofiira linatilowa m'kamwa, tonse tinaoneka ngati fuko limodzi.

Tisanapite patali, Chepetsani anayamba. Anasanza mkaka wonse wa Che Amidu, miyendo inaumirira, thupi gwedegwede, dovu mpaka linadontha pansi pa dengu. Pamenepo lole yonse inasanduka chipatala. Mphunzitsi wina wa tayi anati khunyu. Mayi wina anakokera mwana wake kutali, akuti khunyu imapatsirana ndi dovu. Mkulu wina wobwerera ku Halale anati walumidwa ndi njoka, anaonapo galu akutero. Wina kumbuyo anati, "Mumufunse mwini wake kumene anamutuma." Ndinaimirira kuti ndimuone nkhope wonenayo, lole inagunda dzenje, ndinagwera pa mphunzitsi, kaliwo wanga anatuluka m'thumba n'kugwera kumsewu. Ndinakuwa kuti aime. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga mawu anga sanamveke, injini inandiposa.

Ndinakhala pansi mutu uli balala. M'mawa mphaka anali bwinoko, wamwa mkaka, walandira mankhwala, ndiye waipiraipira. Kodi ndi mkakawo? Kodi ndi lole? Nanga tsopano mankhwala atagwa, ndimupatsa chiyani madzulo?

Pa Njewa ndinatsika dzuwa lili paliwombo. Ndinagula mbatata yootcha ya kobiri ndi chipanda cha thobwa, ndinadya nditaimirira, ndinayamba kuyenda pansi kulowera kumadzulo pa msewu wa ku Foti Maningi. Dengu linali zii. Ndinaima kawirikawiri kuika khutu. Ankapuma.

Ku Chitedze ndinaona zimene sindinaonepo: minda yodulidwa timabwalo timabwalo, kalikonse ndi kachikwangwani kake ngati manda a Azungu. Pachipata panali mlonda wa kabudula wa kaki.

"Tikuthandizeni chiyani, madala?"

"Ndikufuna dokotala wamkulu!"

"Wa chiyani?"

"Wa mphaka."

Mlondayo anali munthu waulemu, anaseka atayang'ana kumbali. Anati kuno odwala awo ndi chimanga ndi mtedza, koma ndikapitirira cha ku Mpingu, padibi posambitsira ng'ombe pali a Jere othandiza ziweto. Ndinati chabwino, amene amatha ng'ombe yathunthu sangalephere kanthu kokwana m'dengu.

Padibi ndinafika mithunzi itatalika. A Jere ndinawapeza akutsuka mabutsi, munthu wamng'ono thupi, wolankhula pansipansi moti ndinachita kuwerama. Anati iwo si dokotala, ndi wothandiza chabe, ndipo mphaka anagwirapo awiri okha, onse a Azungu. Koma sanandibweze. Anandilowetsa m'kanyumba ka mankhwala, anatseka chitseko, anavala magolovesi achikopa, n'kuyamba mafunso ngati bwalo la milandu.

"Walumapo munthu?"

"Ayi!"

"Inuyo?"

"Angayambe!"

"Analumidwapo ndi galu kapena nkhandwe? Madzi akumwa? Chinayamba n'chiyani, tsaya kapena kudzandira?"

Ndinayankha zonse, ndinatchulanso za thumba la mlamu wanga. Anamutulutsa n'kumuika pansi kuti ayende. Chepetsani anayenda mopendama mpaka pakhoma, koma kunjenjemera kunali kutachepa. Ndinachita manyazi, ngati munthu amene wabweretsa mlandu mboni n'kusintha mawu. A Jere anamuyang'ana m'maso, anamununkhiza m'khutu lakumanzere n'kukwinya nkhope, kenako anamukulunga m'chiguduli kusiya mutu wokha, anamukanula kukamwa ndi kamtengo.

"Bwerani muone."

Dzino lakumbuyo linali lothyoka, lakuda, logwedera, mafinya m'mbali. Ndinati, "Eyaa! Si ndinanena ine!" Koma a Jere anali atayandikitsa mphuno. Ananunkhiza kawiri.

"Bambo, mphakayu amasuta?"

Ndinawafotokozera za kaliwo ndi mmene anagwera panjira, mokweza ndithu, poti ndinaona kuti mwanayo aphunzirepo kanthu kwa akulu. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Mwamupaka liti komaliza?"

"Pa Nsaru."

"Anaipira liti?"

"Titangochoka pa Nsaru."

"Nanga chigwere kaliwo, sakupezako bwino?"

Ndinayang'ana mphaka uja, a Jere anapitiriza.

"Bambo, utitiri ukalowa m'khola la nkhuku mumaupha ndi chiyani?"

"Timanyika zinyenyeswa za fodya n'kuwaza. Amenewo ndi mafunso a ana."

"Ndiye phula la m'kaliwo ndi laukali kuposa madzi amenewo. Inu mukapaka padzino mumalavula, komanso ndinu munthu wamkulu thupi. Uyu amameza, ndipo taonani msinkhu wake. Fodyayo amalowa m'mitsempha, n'chifukwa chake dovu, kusanza ndi kunjenjemera. Mukanapitiriza masiku awiri, alamu anuwo sakanavutika ndi thumba."

Ndinafuna kukalipa. Ndinangoti, "Nanga mutu wopendekerawu, fodyanso?"

Anati ayi, limenelo ndi khutu, muli mafinya m'kati. Apa ndiye ndinasokonekeratu. Khutu n'lomvera, miyendo n'njoyendera, zikukhudzana pati? Anandifunsa ngati ndili mwana ndinazungulirapo mpaka kugwa. Ndinati inde. Anati chimene chinandigwetsacho chimakhala m'khutu. Ine ndikukumbukira bwino kuti chimene chinazungulira tsiku limenelo ndi dziko, osati khutu langa, koma ndinawasiya.

"Ndiye kuti chiwewe palibe, eti?"

"Sindingalumbire. Sichikuoneka ngati icho, koma chiwewe chimadziwika ndi masiku. Mukamutsekere payekha masiku khumi, asayandikire mwana aliyense. Akaluma munthu, munthuyo athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Akakhala moyo masiku khumiwo, sichiwewe."

Tamvani! Kamphaka kamodzi, dzino, khutu, fodya, ndi chiwewe chimene chilipo koma palibe. Ine ndinabwera ndi nthenda imodzi, ndikubwerera ndi zinayi.

Dzino analizula ndi kachitsulo kopanira, ine nditagwira chiguduli. Linali logwedera kale, linatuluka msanga, koma kulira kwake ng'ombe za pafupi zinadzuka. Anatsuka pabalapo ndi madzi owiritsa a mchere, anapukuta khutu ndi thonje, anandipatsa kabotolo kodonthezera m'khutumo m'mawa ndi madzulo. Chakudya anati phala lofewa ndi nsomba yosinja. Fodya ayi, ngakhale utsi wake.

Pamenepo ndinakumbukira Filimoni. Masiku khumi, pamene Lamulungu latsala masiku asanu! Ndinawauza a Jere. Anaganiza pang'ono, anatenga pepala, analemba mizere itatu yoti mphakayu akuyang'aniridwa masiku khumi ndipo asaphedwe asanakwane, n'kumenyapo chidindo, phaa! Dzinolo ndinalimanga pakansalu.

Ndinagona kukhitchini kwawo. M'mawa ndinabwerera njira yomweyo, pansi mpaka pa Njewa, lole yopanda katundu mpaka ku Nsaru. Njira yonse ndinayang'ana kumsewu, kaliwo sindinamuone. Che Amidu atamva anati, "Ndinafuna kunena, bambo, koma munali mukulankhula."

Pamudzi ndinafika Lachitatu dzuwa likupendeka. Anthu anasonkhana osaitanidwa. Ndinapereka pepala kwa Filimoni. Kuwerenga sadziwa, koma chidindo amachidziwa, anagwira pepalalo ndi manja awiri. Kenako ndinamasula kansalu.

"Nayi mfiti yanu!" ndinatero, dzino lili pachikhatho. "Amayi a pachitsime, bwerani mumuone amene amayenda maulendo!"

Anayandikira, anaona, ena anaseka. Ndinafotokoza za khutu, za masiku khumi, zonse mwadongosolo ngati ndazimvetsa. Ndinali nditanyamula dengu kuti ndizilowa m'nyumba pamene Filimoni anati:

"Dzino tamva, alamu. Khutu tamva. Nanga kunjenjemera kuja ndi dovu?"

Ndikanatha kunena kuti dzino lomwelo. Palibe akanadziwa. Koma dengu linagwedezeka m'manja mwanga, ndipo mphakayo ndi wa Nabanda.

"Fodya wanga," ndinatero.

"Mwati chiyani, alamu? Sitinamve. Takwezani mawu."

Zaka zonse ndakhala pamudzi umenewu, palibe anandipemphapo zimenezo. Ndinabwereza, anamva, ndipo akusekabe mpaka lero.

Lamulungu linadutsa, thumba la Filimoni linakhala lopanda kanthu. Masiku khumi anakwana dzana. Chepetsani akudya, sakunjenjemera, dzulo anasiya khoswe pakhomo pa Filimoni, osati panga. Mutu wokha sunaongoke, a Jere anati mwina sudzaongoka. Za khutu ndi miyendo sindinazimvetse, ndipo sindikudziwa chifukwa chimene mankhwala amene anathandiza bambo anga angaphere mphaka. Chimene ndatolapo n'choti ndinayenda masiku awiri kufunafuna amene akulodza mphaka wanga, pamene iye anali m'thumba la malaya anga. Kaliwo watsopano ndagula. Ndimasutira kuseri kwa nkhokwe, ndipo Chepetsani amakhala pakhonde n'kumandiyang'ana ndi mutu wake wopendekawo, monga mmene Nabanda ankachitira ndikamalankhula.