Wa situdiyo ku Chilinde wandiwotchera filimu ya ku Mangalande

Mwini situdiyo ina pamsika wa Chilinde wandiphera zithunzi zonse za ulendo wanga wa ku Mangalande. Mpaka lero mawu oti pepani sanatuluke pakamwa pake.

Mwana wanga Tiyamike ndi namwino ku Cornwall, m'tauni yakalekale ya padoko. Atabereka mwana wamwamuna anandiitana kuti ndikamuthandize. Bambo a Tiyamike, amuna anga, anatsala kuno ku Kawale. Maso awo akutha ndi shuga, latsala limodzi, nalonso likuona mwachimbuuzi. Pondiperekeza anandipempha chinthu chimodzi: "Mukandijambulire mdzukulu wangayo, ndimuone diso lisanatseke."

Tinajambuladi. Chithunzi china mdzukuluyo ndamubereka pachitenje padoko, mabwato a asodzi ali kumbuyo, azungu akutiyang'anitsitsa. China tili palinga lakale la mizinga, pamwamba pa phiri loyang'ana kunyanja. Mphepo ya kumeneko imalasa mpaka m'mafupa, koma ine ndinkangoima chilili, kumwetulira mano akugwedera, kuti bambo akaone.

Nditabwera, ndinapita kusitudiyoko Lolemba m'mawa ndi kamera yonse, poti kuchotsa filimu sindidziwa. Tiyamike anali atandichenjeza kuti filimu iyambe yakulungidwa kamera isanatsegulidwe. Ndinamuuza mwini situdiyoyo zimenezo. Akuti, "Amayi, ntchito iyi ndinayamba inu musanaione ndege." Basi, kamera tsegu, pakhomo penipeni, dzuwa likuswa mtengo. Filimu ili tambalala. Anatseka msangamsanga n'kunena kuti ndibwere Lachinayi.

Lachinayi akuti magetsi anazima. Loweruka akuti filimu ikutsukidwa kutauni. Ulendo wotsatira ndi pomwe anandipatsa envelopu, maso ali kumbali. M'katimo munali timizere ta filimu takuda bii. Ngakhale chala cha mwana osaoneka.

Ndikufunsa, akuti ku Mangalande kulibe dzuwa, ndiye zithunzi za kumeneko zimada choncho. Ndiye kuti azungu onse aja alibe zithunzi m'nyumba mwawo? Nditamukumbutsa zomwe ndinaona ndi maso angawa, nyimbo inasintha. Akuti ndi makina a pabwalo la ndege. Makina a pabwalo la ndege ndi amene anatsegula kamera pa Chilinde?

Kenako anandikokera kuseri n'kundionetsa chinsalu chake chojambulirapo anthu, chopentedwa nyanja ndi sitima yopindika ngati nthochi. Akuti, "Imani apa ndikujambuleni ulere. Mungobwereka khanda la aneba. Madala akunyumbawo sakazindikira, si mwati saona bwino?"

Kukalamba konseku, ndikanamize mwamuna wanga ndi mwana wa eni? Ndinatola kamera yanga n'kutuluka, chifukwa ndikanayankha, Chilinde yense akanasonkhana.

Ndinaimbira Tiyamike pabyulo ya foni, ndipo watumiza zithunzi zina papositi. Zifika liti, kaya. Bambo ake m'mawa uliwonse amakhala pakhonde, kupukuta mandala, n'kufunsa ngati zabwera.

Anzanga a ku Kawale, Biwi ndi Chilinde, filimu muzikulungitsa maso anu akuona, ndipo munthu wodzitama ndi zaka za ntchito musamupatse kamera. Ndipo iwe wa situdiyo, nkhani ya dzuwa la ku Mangalande ija ubwere udzawafotokozere wekha bambo a Tiyamike. Dzulo masana, dzuwa lili paliwombo, anandiuza kuti ndiyatse nyali, kwada.