Buledi wa Malemu Wopanda Dzina

Zamfira anayamba kudziwana ndi Mayi Profira tsiku limene anaika maliro a mwamuna wake. Anthu atabalalika kumanda, mayi ameneyu, wamfupi wovala nsapato zachimuna, anatsalira, atafumbata buledi wopota amene banja linagawa m'dzina la malemu.

"Dzina lawo la ubatizo ndani, mwanawe? Osati lija ankaitanidwa nalo kumowa."

"Neculai," anayankha Zamfira chapansipansi.

Mayiwo analemba dzinalo m'kabuku kothaitha, anapsompsona bulediyo, nayamba kudya pomwepo ngakhale mano anali owerengeka.

Mayi Profira ankagulitsa makandulo pakhomo la tchalitchi m'mudzi wawo, kufupi ndi tauni ya Vaslui. Ali ndi mphamvu ankagwira ntchito kufakitale ya nsalu mpaka inatsekedwa, kenaka analera mdzukulu wawo Ilinca, makolo ake atapita kukafuna ntchito ku Italy. Chakudya choperekedwa m'dzina la womwalira sanachikanepo, kaya akhuta kaya akudwala. "Ukakana, wakufayo amagona ndi njala," ankatero. "Ndipo ukadya, umupempherere pomutchula dzina." Kabuku kaja kanali ka maina amenewo.

Ilinca atakula anatsatira makolo ake ku Italy kuja, mumzinda wa Torino, napeza mwamuna komweko. Mayi Profira anali ndi chinthu chimodzi chamtengo, mkanda wagolide wa malemu amayi awo, umene unapulumuka zaka zonse zovuta utabisidwa m'khoma la khola la nkhuku. Anafuna kukamuveka mdzukuluyo ndi manja awo patsiku la ukwati.

"Mundiperekeze, Zamfira. Inu munalawako sekondale, mumawerenga zikwangwani. Ine ndekha ndikasochera m'chimbudzi momwe."

Anakwera minibasi ya Mitica, yomwe inkanyamula anthu ndi katundu sabata iliyonse. Mkandawo anaumanga m'kampango, naupisa m'kati mwa bulauzi, ndipo galimoto ikadumpha pang'ono dzanja linkathamangira pachifuwa.

"Agogo, mukapitiriza kugwiragwira pamenepo, ngakhale wakhungu adziwa pamene pali chuma," anaseka Mitica.

"Yang'ana msewu iwe, mutu ngati dzungu! Ndinakuona ukubatizidwa, unakodzera abambo mfumu."

Masana a tsiku lachiwiri anaima ku Padova, atalowa kale mu Italy, pabwalo pamene minibasi zakwawo zimatsitsira katundu. Mitica anapita kukapereka mitolo kwa eni ake. Awiriwo anakhala pabenchi, miyendo itatupa. Posakhalitsa kunabwera mayi wovala zakuda, atanyamula dengu.

"Amayi, ndamva chilankhulo chakwathu, mtima wanga wachita kudumpha. Ndili pamaliro kuno kuchilendo, ndilibe womugawira. Landirani, chonde."

Anawapatsa buledi wopota ndi vinyo m'tikapu ta pepala.

Zamfira anaona zinthu zimene ena sakadaziona. Mayiyo sanayatse kandulo popereka, monga amachitira aliyense. Sanatchule dzina la womwalirayo. Ndiponso anadutsa anthu ena akwawo amene anakhala pa zikwama zawo, anadutsa ngakhale wopemphapempha wa pageti, n'kulunjika pa nkhalamba imene dzanja lake linali pachifuwa. Mawu anafika pakhosi pa Zamfira. Koma angamukayikire bwanji pagulu munthu wovala zamaliro, iye mwini atavala zakuda zomwezo? Analandira kapu yake, naiika pansi pa benchi mwakachetechete. 

Mayi Profira anadziika chizindikiro cha mtanda, anadya, namwa mpaka dontho lomaliza. Pasanapite nthawi lilime linayamba kulemera.

"Kalanga ine, ndi dzuwali!" anatero mlendoyo. "Achemwali, thamangani mukagule madzi apo. Ine ndiwagwirira."

Ndipo Zamfira anapita. Mpaka lero ndi pamenepo pamamupweteka kwambiri: anadziwa, koma anapita chifukwa chakuti wauzidwa. Pobwera anapeza Mayi Profira atagona chammbali pabenchi, mabatani a bulauzi ali otsegula. Dengu linalipo, mwini wake palibe.

Mayi Profira anatsitsimukira kuchipatala m'mawa mwake, mkanda uja utabedwa. Ku ukwati anafika, koma anakhala kumbuyo, manja ali pamiyendo. Ilinca anawakumbatira akulira nati, "Agogo, bola moyo, mkanda n'chiyani?" Iwo anangosisita khosi la mtsikanayo, pamene panali kaunyolo kogula m'sitolo.

Atabwerera kumudzi ankauza aliyense wogula kandulo kuti, "Pakadapanda Zamfira ndikadafera pabenchi ngati galu." Zamfira ankangoyang'ana pansi. Kangapo konse anapita kunyumba kwawo atatsimikiza kuti aulula zimene anaona, koma akafika ankalankhula za nkhuku ndi mtengo wa nkhuni. Wakubayo Mayi Profira sanamutukwanepo. "Mwina analidi ndi wakufa wake," ankatero. "Wakuba nayenso amaferedwa."

Chisanu cha chaka chachitatu chinawagwetsa pabedi. Zamfira ankawapititsira msuzi wowawasa masana aliwonse. Tsiku lina anawapeza atatsegula kabuku kaja pachifuwa. Pakati pa maina panali mzere umodzi wopanda kanthu, ndipo chala chawo chinali pamenepo. Zamfira anakhala m'mphepete mwa bedi, nati chamumtima lero ndiye lero. Koma iwo ndiwo anayamba kulankhula, ndipo sanadzalankhulenso naye, chifukwa pofika Lachisanu anali atamwalira.

"Zamfira, inu maso anu ndi makutu anu sataya kanthu. Tandikumbutsani, mayi uja wa ku Padova anati malemu akewo dzina lawo ndani? Buledi wawo ndinadya, koma mpaka pano sindinawapempherere."