Zidebe Zinayi za NyaGondwe

Chaka chomwe fodya wathu anabwezedwa kawiri ku okushoni, ndinauza mkazi wanga NyaGondwe kuti ndikupita ku Joni. Sanatsutse. Anali akuyamwitsa mwana wathu Tiyezge, ndipo anangoti, "Pitani, koma musakakhalitse."

Ndinakhalako zaka zisanu ndi zinayi.

Ntchito ndinaipeza ku Durban, pakhomo pa mkulu wina wopuma pantchito yemwe anali ndi galimoto zitatu. Ndiye anandiphunzitsa kuti galimoto satsukira padzuwa, kuti zidebe zimakhala ziwiri, cha sopo ndi chotsukuluzira nsalu, ndiponso kuti umayambira padenga n'kumalizira matayala. Polishi umapaka pang'ono mozungulira, n'kudikira achite mbuu, kenako n'kupukuta mpaka phewa kuwawa. Ndikamaliza ankabwera kudzayendetsa chala pa boneti, osandiyang'ana. Masiku ena mawu okhawo omwe munthu ankandilankhula anali akuti, "Bwereza apa."

Mpaka lero kukazizira zala zanga zimang'ambika ndi sopo wa kumeneko.

Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja. Mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe, NyaGondwe n'kuyankha pa foni kuti, "Zafika, yewo chomene." Amayi anga atafa ziwalo mbali imodzi, ndinawonjezera ndalama, mtima n'kukhala pansi ngati kuti ndawasamalira.

Mkulu uja atamwalira, ana ake anandigulitsa motchipa galimoto yaing'ono mwa zitatuzo. Zomwe ndinasunga zinathera pa msonkho wake. Ndinalowa nayo m'mudzi mwathu ku Mwazisi mwezi wa Okutobala, ili psuu ndi fumbi. Tiyezge, mtsikana wosinkhukirapo tsopano, anandigwadira n'kundipatsa moni ngati mlendo wa kutchalitchi.

Loweruka loyamba ndinadzuka thupi likufuna ntchito yomwe linazolowera. Ndinaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango n'kupempha madzi. NyaGondwe anandibweretsera chidebe. Ndinapempha china, kenako china, mpaka zinayi. Zonse anabweretsa.

Inawala galimotoyo. Azibambo oyandikana nafe anabwera kudzadziyang'anira pa chitseko chake, akuseka. Wina anati, "Iyi ndiye Joni yeniyeni, adada!" Kwa nthawi yoyamba m'zaka zonsezi, munthu anayamikira ntchito ya manja anga.

Nditalowa m'nyumba kuti ndikaike polishi, fungo linandilandira pakhomo pa chipinda cha amayi. Anali atadziipitsira, agona chonyowa, nkhope atalozetsa kukhoma ndi manyazi. NyaGondwe anali atagwada pambali pawo, akuwapukuta ndi kansalu koviika m'madzi a m'kapu.

"Bwanji osawasambitsa?" ndinafunsa.

"Madzi ake ndi omwe aja, bambo a Tiyezge."

"Nanga mjigo si uli pomwepa?"

"Unafa dzinja la chaka chatha. Timatunga kutsidya kwa dambo. Zidebe zinayi zija ine ndi mwanayu tayenda kawiri, kuyambira m'mawa."

Sanakweze mawu. Anapitiriza kupukuta. M'pamene ndinaona pamutu pake, pomwe nkhata imakhala, kuti tsitsi linatha.

Ndinatuluka, ndinasonkhanitsa zigubu zonse za pakhomo n'kuziponya pa mpando wakumbuyo. Nditaliza injini, ndinangokhala chigwirire chiwongolero. Tiyezge anaima potero akundiyang'ana, kenako anatsegula chitseko n'kukwera.

"Mukhotere kumanzere pa mtengo wa mkuyu, adada," anatero. "Koma njira yake ndi yaminga. Ikalika galimoto yanu."

Inakalikadi, mbali zonse ziwiri, minga ikulira pa polishi. Ndinayendetsa pang'onopang'ono, mwana akuloza ndi chala. Ine wobadwira m'mudzi muno, womanga nyumba ya malata ndi ndalama za ku Joni, sindinkadziwa komwe banja langa limamwa madzi.