Timakutu ta Gitala ya Achimwene

Ndinadzuka kusanache, osati chifukwa tulo tinakwana, koma chifukwa chiperoni chinali chitanyowetsa bulangete langa mpaka mkati. Amunafe tinagona panja mozungulira moto, monga timachitira pamaliro. Ena anagona chokhala pamabenchi obwereka kutchalitchi, zipewa atazigwetsera kumaso. M'nyumba amayi anali atatopa n'kuimba. Kunkangomveka mawu a munthu mmodzi akukoka nyimbo chapansipansi, anzake n'kumamuyankha mwa apo ndi apo.

Amene anagona m'bokosi m'nyumbamo anali achimwene anga aakulu. Akazi awo atamwalira, iwo anachoka kuchikamwini n'kubwerera kwathu kuno kwa Mpama, ndipo anamanga kanyumba pafupi ndi achemwali athu. Ine ndimakhala ku Limbe, ndipo ndinafika dzulo lake kutada kale. Achimwene analibe mbuzi, analibe njinga, ngakhale nsapato zabwinobwino analibe. Anali ndi gitala basi, ndipo ankaisamala kuposa mmene ankasamalira thupi lawo.

Ndinali ndi lonjezo kwa iwo. Nditapita kukawazonda kuchipatala anandigwira pamkono nati, "Iwe, tsiku langalo usadzandinyamule ngati thumba la chimanga. Udzandiimbire nyimbo yanga ija ndi gitala yangayo, kuchokera pakhomo mpaka kumanda." Ndinawaseka, ndinati munthu wolongolola chonchi safa msanga. Koma sanandisiye mkono mpaka nditavomera. Nyimboyo anaipeka okha tili anyamata, ndipo tinkaiimba awiri kutchalitchi, iwo ali pa gitala, ine ndikutsatira ndi mawu anga olira ngati chitseko chadzimbiri. Ndi nyimbo yokhayo imene anakwanitsa kundiphunzitsa kuimba pa gitala.

Ndiye m'bandakucha umenewo ndinanyamuka kukaifuna. Pamaliro nyumba imakhuthulidwa kuti anthu apeze pokhala, choncho katundu yense wa achimwene anali ataunjikidwa kuseri n'kufunditsidwa lona. Ndinaunika ndi foni. Panali mpando, katebulo, chidebe, ndipo pamwamba pake gitala ili m'thumba la feteleza. Ndinaisolola. Nsambo zonse zinali lende, ndipo kumutu kwake kunalibe kakhutu ngakhale kamodzi.

Amene sanagwirepo gitala ndiwauze. Kumutu kwake kumakhala timakutu tisanu ndi kamodzi, kalikonse ka nsambo yake. Munthu amapotokola kakhutuko kuti nsambo ikungike kapena ikhwefuke mpaka ilire bwino. Timakutu timene gitala ya achimwene inabwera nato tinali tapulasitiki, tating'onoting'ono, ndipo tinayamba kung'aluka ndi ukalamba. Zala zawonso zinali zitatupa ndi nyamakazi, moti kugwira kanthu kakang'ono chotero kunkawapweteka. Tsiku lina anangophwanya tonse n'kusiya tizitsulo tokhatokha, nati asema tawotawo. Anasema totambalala ngati supuni, kuchokera ku mlombwa wa felemu ya chitseko chakale, ndipo mabowo ake ankaboola ndi msomali wootcha pamoto. Toyamba tinang'ambika, iwo anayambiranso. Popeza maso nawo anali atayamba kuchita chidima, kakhutu kalikonse anakasema mosiyana ndi kanzake kuti azikazindikira ndi chala. Kena kanali kobulungira, kena kosongoka ngati tsamba la mango, kena anakatema mano m'mbali. Nyengo yonse yamvula nkhani yawo pa foni inali yomweyi, mpaka ndinkawanamiza kuti mayunitsi andithera.

Ndinapita pakhomo n'kutuma mayi wina kuti andiitanire achemwali, amene anakhala kumutu kwa bokosi usiku wonse. Anatuluka maso ali psuu.

"Achemwali, timakutu ta gitala tili kuti?"

"Timitengo tawo tija? Anasiya palichero pakhondepa. Anapaka mafuta ansatsi, amati aike pa gitala m'mawa mwake, ndiye tsiku lomwelo ndi limene anagwa. Ine sindinakhudzepo, achimwene."

Lichero ndinakalipeza kuseri kwa nyumba ya achemwali, kumene amayi ankaphikira, muli nyemba. Mafuwa anali atayalidwa mzere, migolo ya madzi ili pamoto, ndipo utsi unkangokwawa pansi chifukwa nkhuni zonse zinali zonyowa. Nditafunsa, mayi wina wachikulire amene ankauzira moto atagwada anadzutsa mutu, misozi ya utsi ili m'masaya.

"Tizidutswa tija, bambo? Ndakolezera moto. Nkhunizi zimakanatu, ndiye ndaona touma, tamafuta bwinobwino. Tayaka kosavuta ndithu."

Ananena mosangalala, ngati munthu amene wathandiza, ndipo n'zoona anali atathandiza. Ine ndinagwada n'kuyamba kufukula phulusa ndi kamtengo. Ndinapeza kamodzi, kaja ka mano m'mbali, kali bii. Nditakatola kanandiotcha chala n'kufumbutuka. Ndinamva mayi wina akunong'ona kuti chisoni chandizunguza mutu. Achemwali, amene anali atanditsatira, atafotokoza, mayi wachikulire uja anagwira kumutu n'kukhala pansi m'matope. Ndinafuna kumukalipira, sindibisa. Koma munthuyo anali atayenda wapansi kuchokera cha ku Nguludi kudzaphika pamaliro a m'bale wanga, ndiye ndikanamuuza chiyani? Ngakhale mawu oti palibe kanthu sindinawanene, chifukwa kanthu kanalipo.

Kutayera, phiri la Chiradzulu silinkaoneka n'komwe. Nkhungu inatsika mpaka m'minda, ndipo mvula yake inali ija yosamveka padenga koma yolowa m'mafupa. Anthu anayamba kufika. Panjira panali pataikidwa masamba, choncho a njinga ankatsika patali n'kumakankha. Amayi ankabwera m'magulu, mabeseni a ufa ali pamutu atavindikira ndi zitenje, ndipo akayandikira pakhomo ankayamba kulira onse pamodzi. Amayi a kutchalitchi anafika ndi malaya awo oyera, m'munsi mwake muli dothi lofiira lokhalokha. Aliyense ankandigwira chanza nati pepani, ine n'kumayankha zikomo, koma maso anga anali pa manja a anthu ndi m'matumba mwawo, kufuna chinthu chogwirira chitsulo.

Ndinachipeza kwa bambo wina wa kabaza amene anabweretsa anthu kuchokera ku Njuli. Anali ndi pulayala pansi pa chishalo. Tinapita kuseri kwa nkhokwe, iye atagwira gitala, ine ndikupotokola tizitsulo tija. Tinali tadzimbiri ndiponso toterera, moti pulayala inkapulumuka n'kumakanda thabwa limene achimwene sankalola ngakhale ntchentche kuterapo. Komabe nsambo zinakungika imodzi ndi imodzi. Nditayesa chiyambi cha nyimbo ija chapansipansi, inatuluka. Inali yomwe ija. Ndinalira pamenepo kwa nthawi yoyamba chifikireni, ndipo wa kabazayo anayang'ana kumbali kuti andipatse ulemu.

Posakhalitsa anamuitana kuti akatenge azakhali athu amene minibasi inawasiya pa Njuli. Ndinamupempha kuti andisiyire pulayala ija.

"Iyayi akulu, m'matope muno tcheni chikumagwa pafupipafupi. Ndikaisiya ndigona panjira. Ndibwera pompano."

Ndinamulola. Ndinkaganiza kuti ntchito yatha. Ndinauza wotsogolera kwaya za lonjezo lija, ndipo anavomera, koma anati achinyamata ake nyimboyo amangoidziwa pang'ono, amalowa akamva gitala. Ndinamuuza kuti gitalayo aimva.

Tinkayembekeza kunyamuka dzuwa lisanafike pamutu, ngakhale dzuwalo sitinalione tsiku lonse. Koma uthenga unabwera kuchokera kumanda woti adzukulu akumana ndi thanthwe, ndipo ayamba kukumba pena. Pamaliro palibe amene amafulumizitsa adzukulu. Tinadikira. Anthu anadya, mbale zinatsukidwa, ana a m'mabere analira n'kugona. Ine akuluakulu anandiitana kuti tikonze mbiri ya malemu, ndipo tinataya nthawi yaitali kukangana za chaka chimene anabatizidwa, ngati kuti kumwamba akafunsa zimenezo pakhomo. Gitala ndinaitsamiritsa pakhoma la pakhonde, m'chinyezi muja. Achimwene akanakhalapo akanandiuza kuti nsambo zimene zakhala lende kwa nthawi yaitali sizikhazikika ukangozikunga kamodzi, zimabwerera, makamaka kunja kukazizira. Ine sindinkadziwa. Kuchuna gitala inali ntchito yawo, ine ankangondipatsira yochunachuna.

Mwambo unayamba dzuwa litapendeka. Tinaona nkhope. Anali atawaveka jekete lawo la kutchalitchi, ndipo manja otupa aja anali atawapinda pachifuwa. Amalume analankhula, a kumudzi kwa malemu alamu athu analankhula, abusa analalikira mwachidule poona mvula. Wa kabaza uja anali asanabwerebe. Kenako amuna anaweramira bokosi n'kulinyamula, amayi anakuwa, ndipo wotsogolera kwaya anandiyang'ana n'kugwedeza mutu.

Ndinaima kutsogolo kwa bokosi, ndinaika zala pamalo pake, n'kumenya nsambo. Chimene chinatuluka sichinali nyimbo. Chinalira ngati waya wa mpanda ukamenyedwa ndi ndodo. Ndinamenyanso, chimodzimodzi. Akwaya anatsegula pakamwa, ena anayamba m'mwamba, ena pansi, kenako onse anasiya n'kumayang'anana. Ndinagwira kachitsulo kamodzi ndi zala, sikanasunthe. Ndinakulunga m'mphepete mwa malaya, sikanasunthe. Ndinakaluma ndi mano, pamaso pa khamu lonse lija, ine munthu wa imvi. Onyamula bokosi anali ataima, mvula ikuwatsikira m'makosi.

Mkulu wina wa mpingo anandigwira paphewa mofatsa. "Bambo, bokosi lanyamulidwa kale. Sitingaliimike panjira, tiyeni."

Wotsogolera kwaya anayambitsa nyimbo ina ya m'buku, imene aliyense amaidziwa, ndipo khamu lonse linailandira. Bokosi linandidutsa. Ndinalitsatira gitala ili m'manja, ndipo ndinayesa kuimba nyimbo ya achimwene ndekha, pakamwa pokha. Mawu anga ndinkalephera kuwamva ngakhale ine mwini wake. Pofika pamlatho wa mitengo, pamene njira imatsikira kudambo, ndinasiya. Kuchokera pamenepo ndinangoyenda. Anthu a m'mbali mwa njira ankavula zipewa bokosi likamadutsa, kenako n'kumayang'ana ine, munthu wonyamula gitala yosalira.

Kumanda dothi linali lolemera ndi madzi, ndipo linkagwera pabokosi ndi phokoso limene ndimalimvabe. Adzukulu anagwira ntchito yawo mwachangu. Atatiitana achibale kuti tiike nkhata, ndinagwada ndi achemwali. Iwo anatsanzika mokweza, kutchula achimwene dzina lawo laubwana. Ine ndinangoika nkhata yanga. M'bale wangayu moyo wake wonse sanandipemphe kanthu, ngakhale masiku amene ankagona ndi njala. Anandipempha chinthu chimodzi chokha, chopanda mtengo, ndipo ndinalephera. Ndinachita manyazi pamaso pa mulu wa dothi uja kuposa mmene ndinachitira pamaso pa anthu.

Pobwerera tinakumana ndi wa kabaza uja akukankha njinga, matope mpaka m'mawondo, azakhali akuyenda pambuyo pake. Atandiona anatulutsa pulayala n'kuikweza m'mwamba. Ndinangopukusa mutu.

Madzulo anthu anabalalika msanga chifukwa cha kuzizira. Achibale otsala anasonkhana kunyumba kwa achemwali, kumene kunali moto. Mabenchi anabwezedwa kutchalitchi, ndipo pabwalo panangotsala mafuwa akuda ndi mapazi a anthu m'matope. Ine ndinalowa m'kanyumba ka achimwene. Munali mopanda kanthu, mphasa zokha zitapindidwa pakona, ndi fungo la anthu ambiri amene achoka. Ndinakhala pansi pamene panali bokosi, gitala ndinaigoneka pambali.

Ndinamva odi wapansipansi. Anali mayi wachikulire uja, katundu wake atamanga kale kumsana. Sanalowe. Anagwada pakhomo n'kutambasula manja, ndipo m'manjamo munali mpini wothyoka wa khasu, ataupukuta bwinobwino.

"Bambo, ine sindinadye lero. Ndapempha uwu kwa eni ake, mtengo wake ngolimba. Kaya mwina mungaseme tina."

Ndinaulandira ndi manja awiri. Ndinamuuza kuti ayende bwino, njira yaterera. Anadikira pang'ono, ndikuganiza kuti ankayembekeza mawu ena, koma mawuwo sanabwere, ndipo ananyamuka. Ine kusema sindidziwa. Ngakhale ndikanadziwa, n'kusema tokongola kuposa ta achimwene, njira yochokera pakhomo pano mpaka kumanda iwo anali ataiyenda kale, ndipo sadzayendanso kuti ndikonze.

Achemwali anaitana kawiri kuti ndikaothe moto. Sindinapite. Madzi ankadontha kuchokera kudenga kugwera pakhonde, ndipo ndinakhala momwemo, mpini uli pamiyendo, mpaka m'nyumba munada.