Chikwatu Chinagona Patebulo Pathu

Amuna anga a Mamdouh anabadwira ku Tanta, ku Ejipito, koma zaka zisanu ndi zinayi tsopano akuwotcherera zitsulo pafakitale ina ku Takaoka, kuno ku Japan. Ndi munthu wa manja abwino, koma mutu wokha ndi mwala.

Chijapani anachiphunzira pafoni. M'mawa uliwonse asanalawe tiyi ankatsegula kapulogalamu kowerenga masiku amene munthu waphunzira osadumpha. Anafika masiku 743, ndipo mlendo aliyense ankamuonetsa nambalayo ngati chithunzi cha mdzukulu. Ine ndili ndi kanga kaulesi: ndimaloza kamera papepala, foni n'kundiuza m'Chiarabu. Iwo ankati kumeneko n'kubera mayeso.

Mumsewu mwathu mauthenga amayenda m'chikwatu chotchedwa kairanban. Chikafika umawerenga, kudinda chidindo cha banja, n'kukapereka khomo lotsatira tsiku lomwelo. Ife ndife nyumba yachitatu, ndipo patsogolo pathu pali nyumba zisanu ndi imodzi.

Lolemba lina chinabwera ndi mapepala atatu. A Mamdouh analumbira kuti ulendo uno awerenga okha, opanda kamera. Anayamba ndi pepala la pansi, la masiku otaya zinyalala, kukopera chilembo chilichonse m'kope. La pamwamba, la mzere wakuda m'mbali ndi zilembo zothinana, analisungira kumapeto ngati nyama pambale.

"Bambo a Hala, chikwatuchi chipite khomo lotsatira, kwa a Kuwabara," ndinatero Lachiwiri, kuwaitana ndi dzina la mwana wathu.

"Chipita ndikamaliza. Adziwe kuti nyumba ino muli munthu wowerenga."

"Wowerenga? Nkhuku ikamapalasa imalemba bwino kuposa inuyo."

"Seka, wakamera iwe. Foni ikadzathera moto udzandifuna."

Ndinaseka n'kuwasiya.

Lachinayi masana kunagogoda mayi Kuwabara, oyandikana nafe. Anawerama, n'kufunsa motsitsa mawu ngati mwina chikwatu chinaima kwathu, chifukwa amva nkhani ina kusitolo. Ndinatenga pepala la pamwamba lija n'kulozapo kamera. Unali uthenga wa maliro. Bambo Teshima a nyumba yoyamba anamwalirira kuchipatala, ndipo mwambo wotsanzikana nawo unali dzulo lake, kuholo ina kutsidya la mtsinje.

A Teshima ndi amene anaphunzitsa amuna anga kusanja zinyalala titangofika, ndipo chaka chilichonse ankatisiyira thumba la zipatso za kaki pakhomo. Nyumba zisanu ndi imodzi, anthu amene anakhala nawo zaka makumi anayi, sizinapite. Ifenso ayi.

A Mamdouh atabwera kuntchito ndinawauza. Anakhala pansi ndi nsapato kumapazi, chinthu chimene sanachitepo m'nyumba muno. Kenako anayamba kuloweza mawu opepesa pafoni, kubwereza mpaka milomo kuuma. M'mawa mwake tinagula bokosi la maswiti n'kuyenda khomo ndi khomo. Palibe amene anatikalipira, ndipo ndikanakonda akanatero.

Tinamalizira kwa mayi Teshima, akazi a malemuwo. Anatilowetsa, natikhazika patsogolo pa chithunzi cha malemu. Amuna anga anawerama mpaka chipumi kugunda mphasa, koma mawu onse oloweza aja anawathawa. Ndinafotokoza ine, m'Chijapani changa chopunduka.

Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kupuma mozama.

"Ndiye chinali kwanu," anatero. "Zikomo pondiuza. Ine ndinaona mipando yopanda anthu, ndipo ndakhala ndikudzifunsa kuti amuna anga anawalakwira chiyani anthu a mumsewu muno."

Tsiku limenelo a Mamdouh sanatsegule kapulogalamu kawo. Nambala ija inabwerera paziro, ndipo sanaitchulenso. Masiku ano chikwatu chikafika amachijambula ali chiimire pakhomo, kudinda, n'kuthamanga nacho kwa a Kuwabara, kuwerenga pambuyo.

Anthu amati wolakwa anali amuna anga, ndipo iwonso amatero. Ine sinditsutsa, koma manyazi anga ndimawadziwa. Masiku atatu onsewo ndinkapukuta tebulo mozungulira chikwatucho, foni yanga ili m'thumba.