Chipini cha Amayi ndi Makina a ku Blantyre

Amayi anga amagulitsa usipa ndi utaka mumsika wa ku Mangochi, ndipo mpamba wawo weniweni ndi pakamwa. Wogula akati atsitse mtengo, amamulankhula mpaka iye mwini kuyamba kupepesa. Ndiye nsagwada yawo itayamba kulira kuti kho! kho! akamatafuna, anafe tinkangoti yatopa ndi ntchito. Tsiku lina anayasamula ali pa benchi pawo, kukamwa osatsekekanso. Anakwera kabaza wa kuchipatala atadziphimba ndi mpango, ndipo akuti anzawo a mabenchi oyandikana anagulitsa bwino tsiku limenelo.

Ine ndinaseka nawo, ndisaname. Amayi okha ndi amene sankaseka. Mkulu wawo anamwalira ndi khansa ya m'kamwa, ndipo nayenso anayamba ndi ululu wa pafupi ndi khutu.

Adokotala anabwezeretsa nsagwada m'malo mwake, koma ululu sunathe. Ekisire sinaonetse kanthu. Anati pamene fupa la nsagwada limakumana ndi la mutu pali kachidutswa kofewa komwe ekisire siiona, choncho pafunika makina a MRI ku Blantyre. Wowaperekeza ndinali ine.

Kumeneko namwino anatiuza kuti makinawo ndi maginito amphamvu, chitsulo chilichonse chitsale panja. Amayi anavula ndolo ndi zibangili mosavuta. Kenako namwino analoza pamphuno pawo.

"Ndi icho, mayi."

"Ichi? Mwana wanga, ichi si chitsulo, ichi ndine."

Chipini chimenecho anawaboolera ali namwali, ndipo chiyambire chinali chisanachokepo. Kwa iwo, mzimayi wa Chiyao wopanda chipini ndi ngati wayenda wosavala. Namwino ananyengerera, analephera. Ine ndi kukamwa kwanga kotengera ndinawauza kuti akalowa nacho, makina akoka mphuno yonse, tibwerera nayo ku Mangochi m'jumbo.

"Iwe, ndinakubereka ndine kapena mbuzi?"

Komabe anagonja. Tinalimbana nacho ndi mafuta odzola mpaka chinatuluka, iwo ataphimba mphuno ndi dzanja kuti bambo woyendetsa makina asaone.

Anawagoneka chagada n'kuwalowetsa m'chimpope choyera. Anawauza kuti asasunthe, asalankhule, ndipo pena anawalumitsa kapulasitiki kuti kukamwa kukhale kotsegula. Makina ankasokosera ngati chigayo. Ndinakhala panja ndikumwetulira ndekha: amayi anga, kukamwa yasa, mawu osatuluka! Ndinkaloweza kale momwe ndikafotokozere abale anga.

Ndinatsegula chikwama chawo kuti ndisungemo chipini. Pansi pa zitenje panali nsalu yoyera yatsopano, yopindidwa bwino, pamodzi ndi sopo ndi kabotolo ka mafuta onunkhira. Inali sanda, nsalu yomwe timakulungira maliro. Kuseka konse kunandithera pomwepo, ndipo ndinachita manyazi kwambiri.

Mawa lake adokotala anatiwonetsa zithunzi. Kachidutswa kofewa kaja kanali katasunthira kutsogolo, basi. Chotupa panalibe.

"Alihamdulillahi," anatero amayi motsitsa, kuthokoza Mulungu.

Anawalembera mankhwala, n'kuwalangiza kuti azidya zofewa, asiye nzimbe, ndipo pakamwa azipapumitsako. Pa zomalizazi amayi anayang'ana adokotala ngati awatukwana.

Mu minibasi, titadutsa Liwonde, ndinalimba mtima.

"Amayi, nsalu ija ndaiona."

Anayankha akuyang'ana pawindo.

"Ndimati zikavuta, usakayendeyende wekha kufuna nsalu m'tauni ya eni. Iwe sudziwa kunenerera mtengo, akanakubera."

Ndinalira pomwepo, pamaso pa anthu, ngati mwana.

"Ukulira chiyani, munthu ndili moyo? Pukuta nkhope. Ndipo usakauze abale ako. Nsaluyi ndi yolimba, tikasoka makatani."